Melencio Salunga Weniweni

San Gabino, Pampanga
9 Malichi 1997

Kanor,

Ndiyambe ndi moni, poti Ima amene anatibereka tonsefe anatilera kuti munthu sayamba ndi mkwiyo. Uli bwanji ku Kaohsiung kumeneko? Ife kuno tilipo. Ima bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa ali bwinobwino. Mlamu wako Lagring akuti moni. Tebulo lathu la pulu likadali pakhonde pomwe paja, nsalu yake yang'ambika pakona, ndiye ukapeza yotha ntchito mu holo ya bwana wakoyo utumize, pamodzi ndi choko chabuluu chija.

Moni watha, tsopano nkhani. Dzana ndinapita kukametetsa kumsika, ndipo ndinapeza dzina langa litamatidwa pagalasi la wometa, zilembo zikuluzikulu za m'nyuzipepala: MELENCIO SALUNGA WAGWEDEZA TAIWAN. M'munsi mwake munali nkhope yako, ukuseka ndi mano ako otalikirana aja. Wometa anati, "Koya Sio, kutchuka mwatchuka, koma pachithunzi mwaipa bwanji." Anthu onse anaseka. Inenso ndinaseka, chifukwa lumo linali pakhosi.

Ndikukumbutse, mwina mpunga wa kumeneko umaiwalitsa. Bwana Lin atabwera ku Angeles kudzafuna munthu woti azikasewera mu holo yake, anafuna ine. Ndine ndinamunyenyanyenya mnyamata wake uja, iwe utandigwirira paudala. Koma mapepala asanatheke, mtanda wa denga unandigwera pamkono tikufukula nyumba ya Ima m'matope a phiri lija linaphulika. Iwe chikalata cha kubadwa unalibe, chifukwa tsiku limene malemu Tatang, bambo athu, anatumidwa kukakulembetsa anakhotera ku pulu, ndipo buku la ubatizo linakwiririka ndi matope omwewo pamodzi ndi tchalitchi. Changa chinapulumukira m'chitini cha mabisiketi cha Lagring. Ndinati tenga changachi upangire pasipoti, ukandigwirire malo, mkono ukapola udzabwerere. Ndinakubwereka dzina ngati malaya opitira ku ukwati, oti ubweze Lolemba.

Mkono unapola kalekale, Kanor, ndipo chaka chino ndi chachinayi. Anyamata a ku Angeles anasiya kubwera kudzandiyesa, amadziwa chimene chimawachitikira. Koma ndikagwetsa mpira wovuta, oonerera amati, "Mbale wake wa katswiri ameneyo." Mbale wake wa ndani? Katswiriyo dzina lake ndani?

Ngakhale envelopu ya kalatayi ndilemba Melencio Salunga kutsogolo, Melencio Salunga kumbuyo. Wa ku positi amandifunsa ngati ndimadziyankha mwamsanga. Undiuze tsiku limene ukubwera kudzabweza za eni.

Ine mkulu wako,
Melencio Salunga weniweni

Kaohsiung
21 Epulo 1997

Koya, mkulu wanga wokondedwa,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino. Ine ndili bwino, kungoti ndikulakalaka nkhululu zokazinga za Ima. Kuno ukafunsa nkhululu amakuyang'ana ngati wadwala.

Ndatumiza katoni kudzera mwa mayi wina wa ku Guagua amene akubwera kutchuthi. Muli nsalu ya tebulo, yatsopano osati yotha ntchito, choko, mafuta opaka bondo la Ima, ndi chikho chimene munaona m'nyuzipepalacho. Chikhocho ndi chanu, Koya. Chili ndi dzina lanu.

Mukanaona gemu yomaliza. Wopikisana nayeyo anandibisira mpira woyera kuseri kwa mpira wa nambala seveni, anthu onse n'kumati zatha. Ndinakumbukira mmene munkandikokera khutu mukuti, "Usayang'ane mpira, yang'ana khoma la tebulo." Ndinamenyetsa khoma kawiri, woyera n'kukapeza nambala thuu, thuu n'kukankha naini, naini n'kugwera m'bowo. Bwana Lin anadzitayira tiyi pathalauza. Atolankhani atandifunsa kuti anakuphunzitsa ndani, ndinati mkulu wanga. Anati dzina lake ndani? Pamenepo ndinakhosomola, Koya, mpaka anasintha funso.

Za kubwera, ndikupempheni mupirire pang'ono. Andiitana ku Japan mwezi wa Novembala, ndipo amene amuitanayo ndi Melencio Salunga. Zikadziwika pano andithamangitsa, sindidzaloledwanso kusewera kwina kulikonse, ndipo Bwana Lin naye akhala ali m'madzi. Musaganize kuti ndaiwala. Mpaka lero akamaitana dzinalo pa chimkuzamawu ndimacheuka kuti ndione ngati mwalowa.

Pali nkhani ina, koma musawauze kaye Ima. Dzina lake ndi Divina, kwawo ndi ku Iloilo, amagwira ntchito kufakitale ya mafani. Pulu saikonda n'komwe. Akuti ndi masewera a amuna othawa kutsuka mbale.

Ine mng'ono wanu,
Kanor

San Gabino
15 Juni 1997

Mlamu wanga Kanor,

Landira moni wa kuno. Ndikulemba ndine Lagring, akulu ako atapita kukagula malata. Ima akuti mafuta aja akuthandiza, ndipo akufunsa ngati Divinayo amadziwa kuphika. Usadabwe kuti amva, makoma a nyumba ino ndi a matabwa.

Katoni inafika, koma bola ikanasochera. Akulu ako anawerenga mawu aja akuti "chili ndi dzina lanu", anawabwerezanso, kenako anatenga chikho n'kupatsa Ima kuti azivunditsiramo mpunga wowawasa uja wa buro. Ine ndikudziwa kuti unatumiza ndi mtima wabwino. Iwo akuti wawaponyera chikho ngati fupa la galu. Nsalu ndiye anaiyala tsiku lomwelo, imeneyo sanaione chipongwe.

Choipa chinachitika sabata yatha. A Meya apachika chinsalu cha dzina lija pamsewu wolowera m'tauni. Onse pano amadziwa zoona zake, a Meya omwe, koma palibe amene angaulule, poti tauni yokwiririka ngati ino yapezako chonyadira. Ndiye kunabwera atolankhani awiri a ku Manila. Anafunsa kuti mkazi wa Melencio Salunga ali kuti, ndipo amayi ogulitsa nsomba analoza ine. Ndikanati chiyani, mlamu? Ndine amene. Ndinakhuthula buro, n'kutsuka chikho, n'kuvala diresi langa la maluwa. Anandifunsa ngati ndimawasowa amuna anga, ndinati kwambiri. Amuna angawo anali poteropo atatsamira ndodo yawo, ndipo wojambula anawapempha kuti asunthe pang'ono chifukwa akutchinga kuwala.

Kuyambira tsikulo sadya nafe. Kukacha ali patebulo, dzuwa likamalowa ali patebulo, amasewera okha n'kumadzilankhulira. Dzulo ndinawamva akuti, "Yako imeneyo, Kanor, tione." Kenako anazungulira n'kumenya m'malo mwako, ndipo unaphonya.

Uwalembere, koma usatchule chikho. Ima akuti uzivala jekete.

Mlamu wako,
Lagring

San Gabino
3 Ogasiti 1997

Kanor,

Moni. Tili moyo. Ima ali bwino.

Nyuzipepala inafika, ndipo wometa waimata pafupi ndi yoyamba ija. MKAZI WA KATSWIRI AKUDIKIRA. Diresi limenelo ndinagula ndine, koma chigulireni sanandivalirepo. Kumwetulira kumene wamwetulira atanyamula chikho chakocho, pachithunzi chathu chaukwati palibe. Komanso wa ku positi wandiuza kuti masiku ano Melencio Salunga wa ku Taiwan amalandira makalata a dzanja la munthu wamkazi. Ndinamufunsa Lagring, akuti amakulembera za bondo la Ima. Bondo limodzi, masamba awiri?

Koma chimene ndalembera si chimenecho. Mwezi watha ku Manila kunali mpikisano wosankha anthu okasewera ku Singapore. Ndinakwera basi osauza munthu, ndipo polembetsa ndinangoti Sio wa ku San Gabino. Ndinawadutsa onse, Kanor, anyamata onunkhira aja a ndodo za m'mabokosi achikopa, ine ndi ndodo ya Tatang yokulunga m'thaulo. Anati ndibwere ndi pasipoti. Ku ofesi ya mapasipoti, mayi wa pawindo anayang'ana pamakina ake nati, "Melencio Salunga wobadwa tsiku lomweli, wa mayi omwewa, ali nayo kale pasipoti ndipo ali kunja. Inu ndinu ndani, bambo?" Mawu anali pakamwa penipeni. Ndikanangowatulutsa, bwenzi pano ukusenda adyo kukhitchini kwa Ima. Ndinati ndalakwitsa windo, n'kutuluka. Malo anga anapatsa mnyamata amene ndinamugonjetsa ndikuyasamula.

Sindibisa, nsanje ikundidya. Lamulungu lapitali ndinagwada m'tchalitchi n'kupempha kuti uphonyeko kamodzi. Ndege imene umakwera ndi yanga, m'manja mmene amakuombera ndi mwanga. Ndikukupatsa mpaka Khirisimasi. Ukapanda kubwera ndibwerera pawindo paja, ndipo ulendo uno sindilakwitsa.

Melencio Salunga, mwini wake

San Gabino
28 Disembala 1997

Kanor,

Moni ndakusungira, ndidzakupatsa ukadzayankha.

Khirisimasi yadutsa. Ima anakuikira mbale ya mpunga wa nkhuku, n'kuivundikira mpaka ntchentche zinatopa. Za ku Japan tamva, chinsalu cha a Meya achiwonjezera m'litali. Kalata yanga ya Ogasiti sunayankhe. Kodi akatswiri salemba, kapena dzanja likusungidwira zikho?

Ndavala nsapato kawiri kuti ndipite ku Manila. Kawiri konseko Ima anakhala pakhomo n'kutambasula mwendo wodwalawo, akuti ndiwalumphe. Chaka chatsopano chikalowa ndidzatulukira pazenera.

M. S.

Kaohsiung
18 Januwale 1998

Koya,

Moni kwa inu, kwa Ima ndi kwa alamu. Pepani kuti ndakhala chete. Ndinalemba kangapo n'kung'amba, chifukwa zimene zinkatuluka sizinali zolembera mkulu wako. Lero nditumiza momwemo.

Ine ndi Divina tinafuna kukwatirana ndisanapite ku Japan. Wansembe wa anthu akwathu kuno anati tibweretse chikalata chosonyeza kuti sindinakwatirepo. Ine ndinkangozengereza, ndiye Divina anaitanitsa yekha kudzera mwa mkulu wake. Chinafika: Melencio Salunga, wokwatira, mkazi wake Milagros Tayag, alamu anga a Lagring amenewo. Ndinamufotokozera zonse, za matope, za mkono wanu, za Tatang. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye nthawi yonseyi ndakhala ndikukonda ndani? Ana anga adzakhala a ndani?" Mphete anaisiya patebulo la pulu, pafupi ndi choko. Pano anasamukira ku Taichung.

Mukuti nsanje ikukudyani. Nanga ine? Inu mukadzuka Ima amakuitanani dzina limene anakupatsani okha. Muli ndi mkazi amene amadziwa munthu amene anakwatiwa naye. Ine zikho zonse zili pashelefu pano ndi za Melencio. Ku Japan ndinasaina zipewa za anthu mpaka dzanja kuuma, palibe n'chimodzi chomwe cholembedwa dzina langa la Nicanor. Ndikafera kuno, bokosi lidzatsika m'ndege ndi dzina lanu, alamu n'kumalandira chipepeso inu muli pomwepo. Mumasewera pakhonde, inde, koma mukagwetsa mpira anthu amadziwa amene wagwetsa. Ndimakusilirani, Koya, mpaka nthawi zina ndimadana nanu.

Ngati mukupita pawindo paja pitani, sindikuletsani. Kungoti mudziwe kuti simukabweza munthu kunyumba, chifukwa Nicanor Salunga kulibe. Sanabadwe, sanakwerepo ndege, sanapambanepo ngakhale sopo. Dzina lake lili pomwepo m'nyumbamo, palibe amene amalifuna.

Kanor

San Gabino
10 Meyi 1998

Mlamu,

Moni, ngakhale sindikudziwa ngati ukuyenera kuulandira. Unawalembera chiyani akulu ako? Kalata yako anayenda nayo m'thumba mpaka inatha m'mopinda. Ndinkayesa akhudzidwa ndi za Divina, poti za ku Manila anasiya kuzitchula. Tsiku lina tikudya anangoti, "Akuti palibe amene amalifuna." Ndipo anaseka kuseka kumene sindinakukonde.

Kuno boma likulembetsa anthu amene mapepala awo anakwiririka, ndi amene sanalembetsedwepo. Zimangofunika kholo lilumbire, pakhalenso mboni ziwiri. Akulu ako anameta ndevu za pamlomo zija, anadetsa imvi ndi mankhwala, n'kukweza Ima panjinga yamoto kupita nawo kuholo ya tauni. Anakalembetsa ngati Nicanor Salunga.

Ine ndinawatsatira ndikukalipa njira yonse. Kalaliki wake anali mlendo. Anafunsa Ima kuti, "Mayi, mukulumbira kuti uyu ndi mwana wanu Nicanor?" Ima anayang'ana akulu ako, kenako anati, "Ndi mwana wanga. Nicanor ndinaberekanso ndine. Lembani, bondo likupweteka." Mboni anali wometa ndi wa ku positi. Anabwera atavala malaya a kutchalitchi ngati kuli ubatizo.

Njinga inawabweza Ima mpaka pakhomo. Potsika anati, "Ndinabereka wamkulu ndi wamng'ono, lero mwasinthana. Mukadzandiika m'manda mudzagwirizane nokha woyamba kuponya dothi."

Tsopano ona mmene zandithera ine. Pamapepala, mwamuna amene ndimamuchapira ndi mnyamata wosakwatira. Mwamuna wanga wa pamapepala ndiwe, uli ku Taiwan, ukulirira mkazi wina. Ndinawafunsa kuti, "Kodi mwandisudzula osandiuza?" Akuti, "Suja unkafuna kukhala mkazi wa katswiri?" Kuyambira tsikulo ndikugona kuchipinda kwa Ima. Akuti alikweza dzina lako pamwamba pa lawo, kuti nawe ulawe mmene zimawawira dzina lako likamaomberedwa m'manja iwe uli pambali. Ine nonse awiri mwanditopetsa.

Lagring, mkazi wa kaya ndani

San Gabino
6 Sepitembala 1998

Wokondedwa Melencio Salunga,

Moni, katswiri. Envelopu ya lero ndailemba mosavuta, ndipo wa ku positi analibe chonena.

Ndikudziwitse kuti Nicanor Salunga wabadwa, ali kale ndi mano onse, ndipo wapambana zoposa sopo. Ku Manila kunalinso mpikisano wosankha, ulendo uno wa okasewera ku Kaohsiung komweko mwezi wamawa. Ndakuikira kachidutswa ka nyuzipepala. Zilembo zake n'zazing'ono, ufunika kuyandikitsa kumaso, koma uwerenge bwinobwino. Pasipoti yatuluka. Mlamu wako waitsekera m'chitini cha mabisiketi, koma chitini chimenecho ndimachidziwa pobisika pake.

Usadzandichingamire kubwalo la ndege. Usandikonzere pogona. Ndipo tikadzakumana patebulo usadzayerekeze kundimvera chisoni. Pa pulu ndinakulera ndine, ndimadziwa ukamaluza dala: umafulumira kuwerama ndipo supaka choko. Ndikadzangoona zimenezo ndidzathyolera ndodo ya Tatang pamutu pako anthu akuona.

Nicanor Salunga
(Ukumva bwanji?)

Kaohsiung
15 Okutobala 1998

Ima ndi alamu,

Moni nonse. Ima, jekete ndikuvala.

Koya afika bwino. Ndinapitabe kubwalo la ndege n'kubisala kuseri kwa chipilala. Anatuluka atakumbatira thaulo lija, akuyang'ana uku ndi uku, ndipo popanda ndevu akufanana ndi Tatang. Akugona kunyumba ya amalinyero akwathu pafupi ndi doko. Ndikuwatumizira mpunga ndi nkhumba kudzera mwa munthu wina, iwo akuganiza kuti ndi za okonza mpikisano.

Anthu awiri oyamba amene anakumana nawo awagonjetsa, inenso anga ndawagonjetsa. Mawa ndi ife. Anthu a mu holo akuti n'zosangalatsa, katswiri ndi mng'ono wake. Bwana Lin yekha ndi amene sakuseka.

Sindiwasiyira. Anandiletsa okha, komanso ndikaluza mawa ulendo wanga wa ku America watha. Ndipo kachidutswa ka nyuzipepala kaja kandiwawa kuposa mmene iwo ankafunira. Ima, mupemphere, koma musatchule dzina, mungasokoneze Kumwamba.

Kanor

Kaohsiung
17 Okutobala 1998

Lagring wanga,

Moni kwa iwe ndi Ima, ngati moni wanga ukulandiridwabe m'chipinda chimenecho. Ndili bwino. Nyuzipepala zifika kumeneko kalatayi isanafike, ndiye wometa akhala atakuuzani kale. Koma iye akuuzani za m'nyuzipepala. Ine ndikuuze zimene ndinaona.

Holo yake ndi yaikulu kuposa msika wathu, yozizira zedi, ndipo nsalu ya tebulo ndi yoterera moti mpira sufuna kuima. Kanor analowa atavala kajekete kolembedwa dzina langa kumsana. Wanenepa. Anabwera kudzandigwira chanza nati chapansipansi, "Koya, mwadya?" Ndinati, "Pano mkulu ndiwe, usaiwale."

Sanandimvere chisoni, ukawauze Ima. Ankapaka choko mpaka zala kusintha mtundu, ankazungulira tebulo kambirimbiri asanawerame. Anafika magemu asanu ine ndili ndi awiri, kuzizira kukundisokoneza. Kenako nsalu ndinaizolowera. Tinathamangitsana mpaka eyiti kwa eyiti, woyamba kufika naini ndiye wopambana. Pa gemu yomaliza anandibisira woyera kuseri kwa seveni, n'kukakhala pansi osandiyang'ana. Mwana ameneyu, kundifunsa funso limene yankho lake ndinamuphunzitsa ndine. Ndinayang'ana khoma. Mipira yotsalayo ndinaitola umodziumodzi, ndipo naini analowa pakatikati pa bowo osakhudza m'mbali.

Ndinaima mowongoka, Lagring. Zaka zonsezi ndimadikira nthawi imeneyo. Ndiye munthu wa chimkuzamawu anayamba kulankhula chilankhulo chawo, mawu onse osamveka kupatula maina. Anatchula Melencio Salunga ndi mawu otsika a pamaliro, holo yonse n'kuusa moyo. Zinandipweteka kwambiri. Dzina limene ndakhala ndikulilirira, limene silinagwepo msanga chonchi pampikisano uliwonse, ndaligwetsa ndi dzanja langa. Pabolodi analizimitsa ine ndikuona.

Kenako anakweza mawu: Nicanor Salunga. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaiwala kuti akunena ine, ndinacheukira kwa Kanor. Anali ataimirira, ndodo itagwa pansi, akuomba m'manja kuposa wina aliyense, misozi ili chuchuchu mpaka pakajekete. Anthu akuti taonani chikondi cha pachibale. Si chikondi chimenecho, ine ndimamudziwa. Anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti, "Koya, mwamva? Anditchula. Auzeni abwereze."

Lero m'mawa ndaluza kwa mnyamata wa ku Taipei, sindinaone n'komwe kumene mipira imapita. Kanor wataya ulendo wa ku America, koma wagula nyuzipepala zonse za pakona, akudula dzina lake ndi sizasi, chidutswa china akuti atumiza ku Taichung. Akuimba mluzu. Ine amene ndinapambana ndakhala pabedi la amalinyero, chakudya chazizirira m'mbale. Ndamugonjetsa pamaso pa anthu onse, koma wosangalala ndi iye. Ngakhale pamenepa wandiposa, ndipo nsanje ija ndikubwera nayo kunyumba yonse.

Ndifika Loweruka la sabata yamawa. Uwauze Ima akhuthule buro m'chikho chija, achitsuke, achiike pamwamba pa kabati. Ndipo iwe, ngati ungalole, udzandichingamire pasiteji ya basi utavala diresi la maluwa lija. Ukadzandiona usadzaitane dzina la m'pasipoti, usadzaitanenso la pachinsalu cha a Meya, onsewo ali ndi eni ake. Udzaitane lija umaitana mpunga ukapsa.

Sio